Malinga a matawuni akale a ku England ndi Wales: mfumu inkalipira, kapena inkangoloza thumba la wina?

Nangozo (York): Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Kuno ku York linga la mzinda lidakalipo, kutalika kwake kupitirira makilomita 3, ndipo anthu amayenda pamwamba pake. Ndimamva kawirikawiri kuti mafumu ndiwo ankathandiza matawuni kumanga malinga oterewa. Thandizo lake linali lotani? Ngolo ya ndalama, amisiri, kapena miyala? Ndikayang'ana kukula kwa zipata ngati Micklegate Bar ndi Monk Bar, sindikuona anthu a m'tawuni a nthawi imeneyo akukwanitsa paokha.

Aphunzitsi Mbewe: Achemwali, ngolo ya ndalamayo iwalani kaye. Chimene mfumu inkatumiza nthawi zambiri chinali kalata yokhala ndi chidindo chake. Kalatayo inkapatsa tawuni chilolezo chotolera msonkho wotchedwa murage pa katundu wobwera kudzagulitsidwa m'tawunimo, ndipo ndalama zake zinkayenera kupita ku linga basi. Makalata oyamba odziwika ndi a 1220, nthawi ya Henry III, ndipo analandira ndi Shrewsbury ndi Bridgnorth, matawuni a kufupi ndi malire a Wales komwe nkhondo sinkachedwa kubuka. York yanuyo inalandira yake mu 1226, chaka chomwecho ndi Oxford. Newcastle inalandira mu 1265. Ku Ireland nakonso zinali choncho, Dublin inayamba mu 1221.

Chilolezocho sichinali chamuyaya. Mfumu inkalemba kuti mutolere zaka zitatu, zisanu, kapena zisanu ndi ziwiri. Zikatha, akuluakulu a tawuni ankabwereranso kukagwada kuti awawonjezere. N'chifukwa chake tikudziwa zambiri: kalata iliyonse alembi a mfumu ankaikopera m'mipukutu ya boma yotchedwa Patent Rolls, ndipo mipukutuyo ilipo mpaka lero.

Kondwani wa Maakaunti: Ndiye kuti mfumu sinapise m'thumba ngakhale pang'ono, koma dzina lokoma n'lake? Aphunzitsi, kwathu ku ntchito zimenezo sitilemba kuti thandizo. Wapereka ndi wogulitsa tirigu uja, mfumu yangosaina.

Aphunzitsi Mbewe: Mwagunda pomwepo achimwene, koma musathamange. Nthawi imeneyo tawuni sinali ndi mphamvu yoyambitsa msonkho watsopano pa alendo mwa iyo yokha. Kukhometsa wodutsa unali ufulu wa mfumu. Ndiye ikakubwerekani ufulu umenewo kwa zaka zisanu, inali itakupatsanidi kanthu, ngakhale kanthuko sikanachoke mosungira chuma chake.

Mayi a Chisomo (Southampton): Msonkho wake unali wochuluka bwanji? Ndikufunsa chifukwa munthu wosauka wobwera ndi kamtolo kake ndi amene amandidetsa nkhawa pa nkhani zoterezi.

Aphunzitsi Mbewe: Kalata iliyonse inkabwera ndi mndandanda wa mitengo, mayi. Katundu wa tirigu wonyamulidwa pa hatchi imodzi nthawi zambiri anali kota ya kobiri. Ng'ombe kapena hatchi yogulitsa, theka la kobiri. Vinyo ndi ubweya wa nkhosa ndi zimene zinkalipira makobiri angapo pa mgolo kapena pa thumba lalikulu. Mumndandandamo munkapezeka chilichonse: zikopa, mchere, nsomba zouma, nsalu, chitsulo, uchi, adyo, anyezi, mphero. Ukamawerenga umaona msika wonse wa nthawiyo uli pamaso pako.

Gogo Nachisale: Ana inu simudziwa kobiri. Ife tagwiritsa ntchito ndalama zimenezi kwacha isanabwere mu 1971. Makobiri 12 ndiye sheleni, masheleni 20 ndiye paundi. Ndiye paundi imodzi ndi makobiri 240. Awerengereni anawa, Aphunzitsi, aone kuti kota ya kobiri iyenera kugwa kangati m'bokosi kuti paundi ikwane.

Kondwani wa Maakaunti: Ka 960, agogo. Mahatchi 960 a tirigu, paundi imodzi. Apa ndiye ndayamba kukayikira zonse. Linga la miyala la makilomita atatu simungalimange ndi timakota timeneti.

Yohane Mmisiri (Joni): Mungalimange, koma adzalimaliza ndi adzukulu a adzukulu anu. Ine monga womanga ndikuuzeni chimene chimadya ndalama pa ntchito ya miyala: kusema, kunyamula, ndi laimu. Simenti kunalibe, ankaotcha miyala ya laimu n'kusakaniza ndi mchenga. Matope a laimu amauma pang'onopang'ono ndipo chisanu chikawalowa asanaume amaphwanyika. Ndiye kumaiko ozizira kumeneko ankamanga miyezi yofunda yokha, nyengo yozizira ikafika n'kufolera pamwamba pa khoma ndi udzu kudikira chaka china. Onjezanipo kuti ndalama zikubwera modontha. Mukuyembekeza chiyani?

Aphunzitsi Mbewe: Amisiri anena zoona, ndipo zaka zikuwachitira umboni. Coventry inayamba linga lake cha mu 1355 n'kumaliza mu 1534. Zaka pafupifupi 180. Amene anaika mwala woyamba ndi amene anaika womaliza sanadziwane ngakhale m'maloto. Norwich inayamba m'ma 1290 n'kumaliza m'ma 1340, ndipo kuti ithe panafunika munthu mmodzi wachuma, Richard Spynk, amene anatulutsa zake kumalizitsa zipata ndi nsanja n'kugulanso zida zoponyera mivi ikuluikulu zoika pamwamba. Mzindawo unamubwezera pomuchotsera misonkho. Great Yarmouth inapatsidwa chilolezo ndi Henry III m'ma 1260, ntchito inakoka zaka zoposa 100, mliri wa 1348 ndi 1349 unaipeza ili m'kati.

Kondwani wa Maakaunti: Spynk ameneyo ndiye ankadziwa masamu. Walipira kamodzi, wapuma msonkho.

Tadala: Pepani kulowerera, koma zikundikumbutsa zipata za pa msewu wa M1, Chingeni ndi Kalinyeke. Boma limati wogwiritsa ntchito msewu alipire kuti msewuwo ukonzedwe. Nzeru yake ndi yomweyo, sichoncho?

Aphunzitsi Mbewe: Mbali ina inde, Tadala, chifukwa ndalama zake zinali zomangiriridwa ku ntchito imodzi. Panalinso misonkho ina iwiri yofanana nawo, pontage wa milatho ndi pavage woyalira miyala m'misewu. Koma pali kusiyana kumodzi kumene kumandivuta. Wolipira pa msewu amayenda pa msewuwo. Wolipira murage nthawi zambiri anali wakunja kwa tawuni, mlimi wa m'midzi yozungulira kapena wamalonda wochokera kutali. Eni tawuni okhala ndi ufulu wa mzinda anali ndi njira zambiri zopulumukira. Madzulo chipata chikatsekedwa, mlimi amene walipirira lingalo ankagona kunja kwake.

Mayi a Chisomo (Southampton): Ndinadziwa. Kumudyera masuku pamutu munthu wa kamtolo.

Bambo Zimba: Ndikutsutsako pang'ono. Adani akabwera, anthu a m'midzi ankathawira kuti? M'tawuni momwemo, ndi ziweto zawo. Komanso msika wotetezeka unkapindulira mlimi amene akufuna pogulitsira. Tisamaweruze ngati kuti aliyense wa m'kati anali wakuba, aliyense wakunja woyera mtima.

Aphunzitsi Mbewe: Bambo Zimba, ku malire a Scotland ndi Wales mfundo yanu ikugwira. Ku Carlisle, Newcastle, Shrewsbury, linga linali nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo Carlisle inalimbadi pamene Robert Bruce, mfumu ya Scotland, anaizinga mu 1315. Koma onani amene ankakhululukidwa msonkhowu. Nyumba zambiri za amonke zinali ndi makalata a mfumu owamasula. Matawuni ena anagula ufulu woti amalonda awo asalipire murage kulikonse m'dzikomo. Kenaka mu 1303 Edward I anapangana ndi amalonda akunja m'chikalata chotchedwa Carta Mercatoria: iwo azilipira msonkho watsopano wa pa doko wopita kwa mfumu, mfumuyo n'kuwamasula ku murage, pontage ndi pavage. Mwaona? Ndalama zimene zikanagwa m'bokosi la tawuni zinakhotera m'thumba la mfumu. Mfumu yomweyo yopereka chilolezo ndi imene inkachiboola pansi.

Kondwani wa Maakaunti: Dzanja lamanja likupereka, lamanzere likusolola. Edward I ndikanamulemba ntchito.

Nangozo (York): Nanga amalonda a ku Germany aja a ku London? Ndinamva kuti anali ndi chipata chawochawo.

Aphunzitsi Mbewe: A Hanse amenewo. Chipata sichinali chawo, koma mu 1282 anagwirizana ndi mzinda wa London kuti azisamalira Bishopsgate ndi kuthandiza kuchilondera, iwo n'kumasulidwa ku murage. Anachimanganso m'ma 1470. Kunena zoona pangano limenelo linali lanzeru kuposa kutolera timakobiri, chifukwa chipata chikagumuka aliyense ankadziwa khomo loti agogode.

Dalitso (Bangor): Aphunzitsi, mwaiwala kuno ku Wales, komwe mfumu inapisadi m'thumba. Conwy ili pafupi ndi kuno. Edward I atagonjetsa Gwynedd, dera la kumpoto kwa Wales, anamanga nyumba yake yankhondo ndi linga la tawuni pamodzi, kuyambira 1283 mpaka 1287. Zaka zinayi zokha. Linga lake ndi la makilomita 1.3, nsanja 21, zipata zitatu. Zonse pamodzi zinadya mapaundi pafupifupi 15,000. Woyang'anira ntchito anali James of St George, mmisiri wochokera ku Savoy. Caernarfon nayo linga la tawuni linayamba 1283, linadya mapaundi pafupifupi 3,500. Kumeneko kunalibe zodikira mahatchi a tirigu.

Yohane Mmisiri (Joni): Zaka zinayi kuno, zaka 180 uko. Ndalama zikakhalapo mwala umamvera. Anthu ogwira ntchito anawapeza kuti ochuluka choncho?

Dalitso (Bangor): Anawatenga mokakamiza, amalume. Akuluakulu a zigawo za England ankalamulidwa kutumiza osema miyala, akalipentala ndi okumba, n'kuwasonkhanitsa ku Chester asanawaperekeze ku Wales. Ankalipidwa, koma kukana kunalibe. Ndalama zina zinali za misonkho, zina za ngongole kwa a banki a ku Italy, banja la Riccardi la ku Lucca. Pa ntchito zonse zomanga ku Wales, Edward anawononga mapaundi pafupifupi 80,000.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Matawuni amenewa sanamangidwire anthu a ku Wales. Anali a atsamunda achingelezi obwera kudzakhala m'dziko logonjetsedwa, ndipo eni dziko sankaloledwa kukhala nzika za m'katimo. Pa Conwy panali nyumba ya amonke ya Aberconwy, pomwe panali manda a Llywelyn Wamkulu, mtsogoleri wakale wa anthu a ku Wales. Edward anawasamutsira amonkewo ku Maenan kuti pamalopo pakhale tawuni yake. Ndiye mukamati mfumu inali yowolowa manja ku Conwy, dziwani kuti inkadzimangira yokha.

Bambo Zimba: Ndipo eni dziko anangoyang'ana?

Dalitso (Bangor): Ayi ndithu. Mu 1294 Madog ap Llywelyn anaukira. Anthu ake analowa mu Caernarfon, anaotcha, anagumula mbali ya linga, n'kupha mkulu wa mfumu wa chigawo cha Anglesey, Roger de Pulesdon. Edward mwiniwake anatsekeredwa mu Conwy nyengo yozizira ya chaka chimenecho. Kukonzanso linga la Caernarfon kunadya mapaundi oposa 1,000. Lero malo amenewa ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1986, alendo ali piringupiringu kujambulitsa.

Kanthu kena koseketsa: pa linga la Conwy pali zimbudzi 12 zondandalika, zotulukira kunja kwa khoma, zomangidwira ogwira ntchito za mfumu. Zinadya mapaundi 15.

Gogo Nachisale: Mahatchi angati a tirigu amenewo, Kondwani?

Kondwani wa Maakaunti: 14,400 agogo. Zimbudzi zokha.

Mayi a Chisomo (Southampton): Ndiloleni ndinene za kuno, chifukwa zikuonetsa mbali ina. Southampton inali ndi linga kumtunda, ndi chipata chachikulu cha Bargate, koma kunyanja kunali pululu. Chifukwa chake n'chosavuta: amalonda olemera anali ndi nyumba zawo m'mphepete mwa doko, zitseko zoyang'ana kumadzi, kuti vinyo akatsika m'chombo angolowa mosungira. Ndani akanafuna khoma pakati pa chombo ndi chitseko chake? Mu Okutobala 1338 zombo za Afalansa ndi anzawo a ku Genoa zinafika, n'kulowera komweko. Anaotcha, anafunkha, ndipo vinyo ndi ubweya wa mfumu zinapita nawo. Edward III anakwiya kwambiri n'kulamula kuti mbali ya kunyanja itsekedwe. Koma eni nyumba anazengereza zaka makumi angapo. Pomaliza, cha m'ma 1380, anangotenga makoma akutsogolo a nyumba zomwezo, kutseka zitseko ndi mazenera ndi miyala, n'kumanga mizati yokhota kutsogolo kwake yonyamula njira ya alonda pamwamba. Mpaka lero mazenera otsekedwawo amaoneka, ndipo ena anabooledwa timabowo ta mfuti.

Yohane Mmisiri (Joni): Kumeneko ndiye kumanga kwa munthu amene ndalama zamuthera. Koma ndawagomera, khoma lilipo kale ulitayirenji?

Bambo Zimba: Ndiye mwaona, mayi? Apa wolakwa si mfumu. Mfumu ikuti mangani, olemera a m'tawuni akukana.

Mayi a Chisomo (Southampton): Sindinati mfumu ndi yolakwa pa zonse, bambo. Koma inakwiya liti? Vinyo wake atapita.

Tadala: Funso langa ndi la katangale. Ndalama zotolera pachipata, kobiri kobiri, popanda lisiti. Sizinkadyedwa?

Aphunzitsi Mbewe: Zinkadyedwa, mwana wanga, ndipo umboni wake ndi lamulo lenilenilo. Mu 1275, m'malamulo oyamba a Westminster, Edward I analemba kuti anthu a tawuni amene apatsidwa murage n'kumatolera mosiyana ndi mmene kalata ikunenera adzalandidwa chilolezocho ndipo adzalipitsidwa chindapusa chachikulu. Lamulo sililembedwa pa chinthu chimene sichikuchitika. M'mipukutu ija mumapezekanso mfumu ikutuma anthu kukafufuza mabuku a otolera, chifukwa madandaulo afika kuti ndalama zatoleredwa koma linga silikukwera. Nthawi zina sikunali kuba kwenikweni, akuluakulu ankangotenga za linga kulipirira ngongole zina za tawuni. Matawuni ena anasankha anthu apadera osunga thumba limeneli, ku Chester ankatchedwa murengers.

Kondwani wa Maakaunti: Kusamutsa ndalama kuchoka ku ntchito yake kupita ku ina ndi kuba kovala jekete, Aphunzitsi. Koma pitirizani. Panalibe njira ina imene mfumu inkathandizira popanda msonkho wa pachipatawu?

Aphunzitsi Mbewe: Zinalipo, makamaka m'ma 1300 ndi 1400 pamene murage anayamba kuchepa mphamvu chifukwa cha kuchuluka kwa omasulidwa. Tawuni iliyonse yodzilamulira inkapereka kwa mfumu ndalama yokhazikika chaka ndi chaka. Mfumu inkatha kunena kuti gawo lakuti musabweretse, ikani pa linga. Matawuni a pa doko nthawi zina ankapatsidwa gawo la msonkho wa katundu wa pa zombo. Nthawi zina inkapereka mitengo ya m'nkhalango zake kapena miyala. Apa tinganene kuti mfumu inkatayadi kanthu. Inkalolanso tawuni kusonkhetsa eni nyumba a m'kati malinga ndi chuma chawo, ndipo pamenepo ndi pomwe mikangano inkabuka, chifukwa tsopano wolipira anali mwini tawuni.

Koma imene imandisangalatsa ndi ya Colchester. M'ma 1380, nthawi ya Richard II, tawuniyo inaloledwa kusatumiza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kwa zaka zingapo, kuti ndalama zimene ikanawalipira zipite ku linga. Nthawi imeneyo phungu ankalipidwa ndi tawuni yake pa tsiku lililonse la ulendo ndi la zokambirana.

Tadala: Kusinthanitsa phungu ndi khoma! Pagulu pano ndisanenepo kanthu, angandichotse.

Woyang'anira gulu: Mwachita bwino, Tadala. Tikhale m'zaka za m'ma 1300 momwemo.

Bambo Zimba: Ine ndibwerere pa mfundo yanga. Mukuyankhula ngati malinga anali njira yotolera ndalama basi. Ngati ndi choncho, bwanji matawuni ena olemera sanamange?

Aphunzitsi Mbewe: Funso limenelo likuthandiza mbali zonse ziwiri, bambo. Boston inali limodzi mwa madoko olemera kwambiri m'ma 1200, koma inali ndi ngalande chabe. Cambridge chimodzimodzi. Ndiye linga silinali lofunika kuti malonda ayende. Koma onaninso Coventry, pakati penipeni pa England, kutali ndi nyanja ndi malire onse, ikumanga zipata 12. Mdani wake anali ndani? Kumeneko kunali kudzionetsa kuti ife ndi mzinda, osati mudzi, komanso kudziwa amene walowa ndi amene watuluka. Zipata zinkatsekedwa usiku, zinkatsekedwa nthawi ya mliri, zina zinali ndende. Norwich ndi linga lake lonse lija inagwa m'manja mwa anthu wamba a Robert Kett mu 1549.

Dalitso (Bangor): Ndipo Coventry yomweyo linga lake linadzagwira ntchito kamodzi kodziwika bwino, pokaniza mfumu.

Aphunzitsi Mbewe: Eya. Mu 1642 inatsekera Charles I zipata. Hull inali itachita kale zomwezo chaka chomwecho pa Beverley Gate, linga la njerwa limene linamangidwa ndi chilolezo cha Edward II cha 1321. Charles II, mwana wa Charles I, atabwerera pampando sanaiwale. Mu 1662 analamula kuti linga la Coventry ligumulidwe. Lero kwatsala zipata ziwiri, Cook Street ndi Swanswell.

Nangozo (York): Nanga murage asanayambe mu 1220, ankatani? Malinga ena ndi akale kuposa pamenepo.

Aphunzitsi Mbewe: Ankalipira ndi msana. Nthawi ya mfumu Alfred ndi ana ake, m'ma 800 ndi 900, eni minda anali ndi udindo utatu kwa mfumu: kupita kunkhondo, kukonza milatho, ndi kukonza malinga. Pali chikalata chotchedwa Burghal Hidage chimene chimawerengera kuti gawo lililonse la munda lotchedwa hide litumize munthu mmodzi, ndipo anthu anayi asamalire mamita pafupifupi 5 a linga. Buku la Domesday, kalembera wa minda wa 1086, limati ku Oxford kunali nyumba zina zomasulidwa ku misonkho chifukwa eni ake ankakonza linga, ndipo ku Chester munthu mmodzi pa hide iliyonse ya m'chigawocho ankaitanidwa kukakonza linga ndi mlatho. Murage anangosintha thukuta kukhala kobiri.

Udindo woterowo sunatheretu. William of Wykeham atatenga malo omangapo New College ku Oxford mu 1379, anavomera kuti koleji izisamalira mbali ya linga yodutsa pamalopo. Mpaka pano meya wa Oxford amapita zaka zitatu zilizonse kukayendera. Mbali imeneyo ndi imene yasungika bwino kuposa zonse mumzindamo.

Yohane Mmisiri (Joni): Ntchito ikakhala ndi mwini ndi woyendera, khoma siligwa. Ku France nako zinali zomwezi?

Aphunzitsi Mbewe: Zosakanikirana. Ku Paris, mfumu Philippe Auguste analamula linga mu 1190 asananyamuke kupita ku nkhondo ya ku Yerusalemu. Mbali ya kumpoto kwa mtsinje wa Seine, komwe kunali amalonda, analipira ndi eni mzinda. Mbali ya kumwera, komwe kunali masukulu ndi anthu ochepa, inatuluka m'thumba la mfumu.

Kondwani wa Maakaunti: Funso lomaliza kwa ine. Msonkhowu unatha liti? Chifukwa msonkho ukayamba sindinauonepo ukudzichotsa wokha.

Dalitso (Bangor): M'matawuni ambiri unazilala m'ma 1400 ndi 1500. Koma ku Chester unalipobe m'ma 1700, ukutoleredwa pa nsalu zochokera ku Ireland. Nthawi imeneyo linga linali litasanduka poyendera anthu madzulo, ndipo zipata zakale zinkapanikiza ngolo. Anazigumula n'kumanga zotakasuka, Bridgegate mu 1782, Watergate mu 1788. Mayina a murengers a zaka zimenezo anasemedwa pa miyala ya zipata zatsopanozo, mukapita mukawawerenge.

Gogo Nachisale: Kondwani, usawerengere nsaluzo, ndatopa.